Makolo a ku Wicklow: kodi zikalata za malo ndi mabuku a esiteti zingathandize pamene kalembera anapsa?

Nachisale_ku_Bray:
Moni nonse a pagulu. Ndikupempha nzeru kwa amene mumadziwa kufufuza mizu ya mabanja a ku Ireland. Banja limene ndikufufuza ndi la kuchimuna kwa ana anga. Zodziwika ndi izi: anali alimi a Chikatolika, ankakhala kufupi ndi Carnew kumwera kwa County Wicklow, ndipo ena mwa iwo anapita ku Canada nthawi ya njala yaikulu, mwina 1847 kapena 1848. Amene anatsala akupezeka m'kalembera wa 1901 ndi wa 1911. Zovuta ndi za kumbuyo kwa 1864, chaka chimene boma linayamba kulemba kubadwa, ukwati ndi imfa za anthu onse. Aliyense akungoti zonse zinapsa mu 1922. Ena akuti ndiyang'ane ku Registry of Deeds (ofesi ya boma yolembetserako zikalata za malo), ena akuti mabuku a esiteti. Ndiyambire pati? Nanga mlimi wosauka angapezeke m'zikalata za malo?

Mlozera1708:
Amayi, sizonse zinapsa. Pa 30 June 1922 inapsa ndi Public Record Office, nyumba yosungira zikalata za boma, ya ku Four Courts mu Dublin. Mmenemo munali kalembera wa 1821, 1831, 1841 ndi 1851, mawilo ambiri, ndi mabuku a maparishi ambiri a Church of Ireland. Kalembera wa 1861 mpaka 1891 sanapse ndi motowo, boma linali litamuwononga kale. Koma Registry of Deeds inali kwina, ku Henrietta Street, ndipo mabuku ake alipo onse kuyambira 1708. Mabuku a Akatolika anali m'maparishi mwawo. Mabuku a esiteti anali m'manja mwa eni malo ndi maloya awo.

Langizo langa ndi lakuti musayambe ndi dzina la munthu. Yambani ndi malo. Pezani townland, kachigawo kakang'ono kwambiri ka malo ku Ireland (zilipo zoposa 60,000). Mukaipeza, pezani mwini wake. Mukapeza mwini wake, funsani kuti mapepala ake ali kuti. Zikalata zonsezi zinalembedwa pofuna kudziwa kuti malo ndi a ndani ndipo lendi akulipira ndani, choncho zinasanjidwa potsata malo ndi mwini malo, osati potsata mlimi.

Chitsa_cha_Mbawa:
Ku Registry of Deeds musatayeko nthawi. Mkatolika wa maekala asanu simudzamupeza. Kumeneko n'kwa anthu olemera.

Mlozera1708:
Achimwene, mwanena zoona koma mwazikulitsa. Tiyeni tione chifukwa chake osauka ndi ochepa. Choyamba, kulembetsa chikalata sikunali kokakamiza, ndipo kunkalira ndalama. Munthu ankalembetsa akamaopa kuti wina adzamutsutsa kukhoti, chifukwa chikalata cholembetsedwa chinkaposa chosalembetsedwa. Chachiwiri, lizi (pangano lobwereka malo) yosapitirira zaka 21, wobwerekayo ali pamalopo, sinkafunika kulembetsa. Chachitatu, lamulo la 1704 linaletsa Akatolika kugula malo kapena kutenga lizi yoposa zaka 31. Izi zinayamba kumasuka mu 1778, pamene analoledwa lizi ya zaka mpaka 999, ndipo mu 1782 analoledwa kugula. Ndiye n'zoona kuti kumbuyo kwa 1778 Akatolika ndi ochepa monga eni nkhani.

Koma m'chikalata chimodzi simukhala anthu awiri okha. Muli mboni, muli anansi otchulidwa pofotokoza malire, muli matenanti otchulidwa pamene townland ikugulitsidwa kapena kuperekedwa chikole, pomwe amalemba kuti malo akutiakuti tsopano akulimapo uje. Mlimi amene sanalembetsepo chikalata moyo wake wonse atha kupezeka m'chikalata cha mwini malo wake.

Chitsa_cha_Mbawa:
Atha, inde. Koma adzawerenga masamba angati kuti apeze mzere umodziwo? Kwa banja la ku Carnew, mabuku a esiteti ndiwo oyamba. Registry ibwere pambuyo.

Gogo_Mapu:
Pa dongosolo lokha ndikugwirizana ndi a Chitsa. Ndipo a Nachisale muli ndi mwayi, chifukwa dera la Carnew, Shillelagh ndi Tinahely linali mu esiteti ya Coolattin ya Earl Fitzwilliam, ndipo mapepala ake ndi ena mwa osungidwa bwino kwambiri mu Ireland. Ambiri ali ku National Library of Ireland mu Dublin. Ena ali ku Sheffield, ku England, chifukwa likulu la banjalo linali Wentworth Woodhouse ku Yorkshire.

Pakati pa 1847 ndi 1856 esitetiyo inalipirira ulendo anthu pafupifupi 6,000 kupita ku Canada, ambiri ku Quebec, ena ku New Brunswick. Ankakwera sitima padoko la New Ross. Ofesi ya esiteti inkalemba mabuku a osamukawo, ndipo mabukuwo alipo. Muli dzina la mutu wa banja, zaka zake, mkazi, ana aliyense ndi zaka zake, nthawi zina mlamu kapena mayi wokalamba, townland, ndi ndemanga, monga yakuti nyumbayo igwetsedwe akachoka. Kwa banja losauka la 1847, buku lotere likulowa m'malo mwa kalembera wa 1841 amene anapsa.

Chenjezo limodzi. Dzina kupezeka m'bukumo si umboni wakuti munthuyo anakweradi sitima chaka chimenecho. Ena analembedwa n'kusintha maganizo, ena anapita chaka chotsatira ndipo analembedwa kawiri. Zaka za anthu nazonso zimaphonya ndi ziwiri kapena zitatu. Tsimikizani ndi kalembera wa ku Canada wa 1851 kapena wa 1861.

Nachisale_ku_Bray:
Zikomo kwambiri agogo. Townland ya mu 1901 ndikuidziwa. Kodi ndingoganiza kuti ndi yomweyo imene ankakhala mu 1847?

Gogo_Mapu:
Ayi amayi, musaganize, yendani chobwerera. Njira yake ndi iyi.

Tengani townland ya mu 1901. Pitani ku Griffith's Valuation, kaundula wa boma woyeza mtengo wa malo ndi nyumba, yaulere patsamba la Ask About Ireland. Inasindikizidwa pakati pa 1847 ndi 1864, ndipo ya Wicklow ndi ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1850. Pa munda uliwonse ikupatsani nambala ya pamapu, dzina la wokhalapo, dzina la amene iye amamulipira lendi, kukula kwa malo, ndi mtengo woyerekezera msonkho. Dziwani kuti amene anachoka mu 1847 sadzapezekamo, mudzapeza otsalawo okha.

Kulumikiza Griffith ndi 1901, pali mabuku amene ofesi ya Valuation inkakonzamo zosintha zaka zonse zotsatira. Munthu akamwalira kapena kuchoka, ankakhwatcha dzina lake n'kulemba la wolowa m'malo, ndi inki ya mtundu wosiyana chaka ndi chaka, chakacho n'kuchilemba m'mphepete ndi inki yomweyo. Choncho funani chithunzi cha mitundu. Chikakhala chakuda ndi choyera chabe simudziwa kuti kusintha kuti n'kwa chaka chiti. Kusinthako kumachedwanso: bambo atha kumwalira 1871, dzina lake n'kudzakhwatchidwa 1874. Mabuku a Republic of Ireland ali m'manja mwa Tailte Éireann, bungwe la boma loona za malo, a ma county asanu ndi limodzi a kumpoto ali ku PRONI, nyumba yosungira zikalata za boma ku Belfast, ndipo ali pa intaneti.

Kubwerera kumbuyo kwa Griffith, pali Tithe Applotment Books, mabuku a olipira chakhumi ku Church of Ireland, za 1823 mpaka 1837, zaulere patsamba la National Archives. Zimenezi zili ndi olima munda okha. Waganyu wopanda munda ndi wokhala m'tauni mulibe.

Kamtedza_wa_Leeds:
Ndiwonjezere pa dzina la "amene amamulipira lendi". Anthu ambiri amasokera pamenepo. Griffith salemba mwini malo weniweni nthawi zonse, amalemba amene ali pamwamba pa mlimiyo basi. M'zaka za m'ma 1700 eni maesiteti ankabwereketsa townland yonse kwa munthu mmodzi pa lizi yaitali, iye n'kugawa kwa alimi ang'onoang'ono, nawonso n'kugawa kwa ena. Wapakatiyu ndiye middleman. Ngati kholo lanu linkalipira kwa middleman, m'buku la lendi la Fitzwilliam mudzapeza dzina la middleman yekha, alimi makumi awiri a pansi pake osaoneka. Amadzaonekera lizi ya middleman ikatha, esiteti ikatumiza munthu kukawerenga amene ali pamalopo. Ndiye mukafika ku laibulale musapemphe mabuku a lendi okha. Pemphani ma survey, mindandanda ya matenanti a pansi, mabuku a malipiro a antchito, mabuku a ochotsedwa pamalo, ndi makalata a woyang'anira esiteti. Osauka amapezeka kwambiri m'menemo.

Mphanje_Watsopano:
Pepani kulowerera. Ngati munthu wapeza lizi ya kholo lake ya 1820, kodi ingamuthandize kupeza pasipoti ya Ireland?

Kamtedza_wa_Leeds:
Singathandize. Foreign Births Register, kaundula wolembetsera unzika wa Ireland kwa obadwira kunja, imafuna kuti agogo anu enieni, obala bambo kapena mayi anu, akhale obadwira pachilumba cha Ireland, kapena kholo lanu likhale kuti linalembetsa kale inu musanabadwe. Umboni wake ndi zikalata za boma za kubadwa, ukwati ndi imfa. Lizi ya 1820 ili kutali mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi.

Mphanje_Watsopano:
Nanga DNA?

Chitsa_cha_Mbawa:
Pa pasipoti ya kholo lakale chonchi, ayi. Pa kafukufuku imathandiza kupeza abale a ku Canada, koma sikuuzani townland. Tibwerere ku funso la amayiwa.

Mlozera1708:
Tibwereredi. Ndifotokoze mmene Registry of Deeds imagwiritsidwira ntchito, chifukwa ambiri amaisiya tsiku loyamba posadziwa kasanjidwe kake.

Chikalata chenichenicho Registry sinkasunga. Eni ake ankabwera nacho pamodzi ndi memorial, chidule chake cholembedwa ndi loya, chosainidwa ndi mmodzi wa eni nkhani pamaso pa mboni, ndipo mboni imodzi inkalumbira. Chikalata chinkabwerera kwa mwini wake, memorial inkatsala. Alembi ankaikopera m'mabuku akuluakulu. Mabuku okoperawo, pamodzi ndi mindandanda yake, FamilySearch, tsamba la pa intaneti lofufuzira mabanja, inawajambula kuyambira 1708 mpaka 1929, ndipo mumawaona ulere mukatsegula akaunti. Mpaka 1922 zikalata za ma county onse 32 zinkalembetsedwa ku Dublin, za kumpoto zomwe.

Mindandanda ilipo iwiri. Wa maina uli ndi opereka malo okha. Wolandira alibe m'ndandanda wake. Apa ndi pamene ambiri amagwa: kholo lanu likakhala kuti linatenga lizi, ndiye kuti ndi wolandira, ndipo mukalifuna ndi dzina lake simulipeza. Muyenera kufuna dzina la wopereka, n'kutsika ndi chala m'danga la olandira. Kumbuyo kwa 1833 m'ndandandawu umangopereka dzina lonse la wopereka, dzina la banja la wolandira, nambala ya buku, tsamba ndi nambala ya memorial, osatchula malo. Kuyambira 1833 umatchula county, ndipo kalozera wake amasintha kukhala chaka, buku, nambala.

Wachiwiri ndi wa malo. Wasanjidwa potsata county, kenako chilembo choyamba cha townland, ndipo pansi pa chilembocho maina sali mu dongosolo la alifabeti, mumawerenga onse. Kuyambira 1828 anagawa potsata barony, chigawo cha mkati mwa county, ntchito n'kupepuka. Matauni akuluakulu ali paokha.

Kwa inu amayi, wa malo ndiwo wabwino. Tengani townland yanu, lembani memorial iliyonse yoitchula kuyambira cha m'ma 1750 mpaka 1850, muwerenge zonse, ngakhale zimene dzina lanu silikuoneka m'ndandanda.

Tsamba_ndi_Inki:
Kuwonjezera pa za dzina la wopereka: dzina la mwini esiteti limasintha. Coolattin sinali ya "Fitzwilliam" mpaka 1782, pamene Marquess of Rockingham anamwalira wopanda mwana, esiteti n'kupita kwa mwana wa mlongo wake, Earl Fitzwilliam. Kumbuyo kwa 1782 funani Rockingham. Kumbuyo kwa 1746 funani Malton, ndipo kumbuyo kwakenso Wentworth kapena Watson-Wentworth. Ndi banja limodzi, malo amodzi, koma m'ndandanda ali pa zilembo zinayi zosiyana. Pa maesiteti ena wopereka sakhala mwini malo n'komwe, amakhala matrasti (oikidwa kusunga chuma m'malo mwa ena) a ukwati wake kapena osunga mwana wamasiye.

Palinso Registry of Deeds Index Project, ntchito ya anthu odzipereka, amene amalemba dzina lililonse la mu memorial, mboni ndi anansi omwe. Yang'anani kumeneko poyamba. Koma sanamalize mabuku onse, choncho dzina likasowa kumeneko sizitanthauza kuti mulibe.

Nachisale_ku_Bray:
Ndamva. Pali chimodzi chikundizunguza. Ena akuti lizi ina inkayezedwa ndi moyo wa anthu, osati zaka. Zimenezi zinkayenda bwanji?

Mlozera1708:
Imeneyo ndiye lizi yopindulitsa koposa kwa wofufuza banja. Mwini malo ankapereka munda kwa nthawi yonse imene anthu atatu otchulidwa maina adzakhale ndi moyo. Womaliza mwa atatuwo akamwalira, lizi yatha. Nthawi zina ankaphatikiza: miyoyo itatu kapena zaka 31, chimene chidzakhalitse. Wobwereka ankasankha ana aang'ono athanzi kuti lizi italike, nthawi zambiri ana ake kapena a mbale wake. Pofuna kuti pasadzakhale mkangano wakuti uje wake ndi uti, loya ankalemba momveka: mwana wachiwiri wamwamuna wa wobwerekayo, wa zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi. Mzere umodzi wotere ukupatsani bambo, mwana, malo ake pakati pa abale, ndi chaka chobadwa, nthawi imene buku la ubatizo la parishi linali lisanayambe.

Ina inali yowonjezeredwa mpaka kalekale. Mmodzi mwa atatu akamwalira, wobwereka ankalipira ndalama yoikika n'kulowetsa dzina latsopano. Buku la malizi la esiteti limasonyeza mzere wonsewo kwa zaka zana, ndi ndemanga zonga "anamwalira", "ali ku America", "akuganiziridwa kuti anamwalira".

Samalani ziwiri. Si onse otchulidwa amene ali abale. Ena ankatchula mwana wa mfumu ya ku England, chifukwa imfa yake inkamveka paliponse, kapena mwana wa mwini malo. Ndipo wotchulidwa sankakhala ndi gawo pamundapo, ankangokhala muyeso wa nthawi.

Chitsa_cha_Mbawa:
Zabwino, koma zimenezo ndi za Apulotesitanti. Mkatolika wa pa maekala ochepa lizi ya miyoyo akanaitenga kuti?

Tsamba_ndi_Inki:
Akulu, pakati pa 1793 ndi 1829 anazitenga ambiri. Mu 1793 Akatolika analoledwa kuvota ngati ali ndi freehold, malo owerengedwa ngati akeake, ya phindu la mashelengi 40 pachaka, ndipo lizi ya moyo, ngakhale wa munthu mmodzi, inkawerengedwa ngati freehold. Eni malo ofuna mavoti anapereka malizi oterewa kwa alimi ang'onoang'ono ochuluka. Mu 1829 muyeso unakwezedwa kufika mapaundi 10, chidwi chopereka chinazirala, ndipo ambiri anasanduka matenanti a chaka ndi chaka opanda pepala. Malizi a mavotiwa ambiri sanapite ku Henrietta Street, pamenepo mukunena zoona. Amapezeka m'mabuku a esiteti ndi m'mabuku a ma freeholder, amene nthawi zambiri amatchula townland, mwini malo ndi maina a miyoyo ija. A kumpoto ali patsamba la PRONI. A ma county ena anatsala mwa apo ndi apo.

Chitsa_cha_Mbawa:
Ndiye mfundo yanga ikadali chilili. Esiteti poyamba.

Mlozera1708:
Pa Coolattin, inde. Pa esiteti imene mapepala ake anatayika, ndipo ang'onoang'ono ambiri anatayika, Registry ndi yokhayo yotsala. Komanso middleman amene a Kamtedza anena uja mabuku ake sapezeka kawirikawiri, koma lizi yake, chikole chake ndi pangano la ukwati wa mwana wake zimakhala zolembetsedwa, ndipo ndi m'menemo mmene matenanti ake amatchulidwa.

Kadzidzi_wa_Usiku:
Ndikufunsako za kuwerenga memorial yeniyeniyo. Ina ikuti lizi ya chaka chimodzi pa mashelengi asanu, lendi yake kambewu kamodzi ka tsabola. Munthu angabwereke maekala 200 pa mtengo umenewo?

Tsamba_ndi_Inki:
Imeneyo si lizi yeniyeni, ndi kugulitsa. Amati lease and release. Loya ankalemba zikalata ziwiri za masiku otsatizana. Choyamba chinkabwereketsa malo kwa chaka chimodzi pa kandalama kongoyerekeza, kuti wogula awerengedwe kuti ali kale pamalopo. Chachiwiri, cha mawa lake, chinkamusiyira umwini wonse, ndipo mtengo weniweni uli m'chachiwiricho. Njirayi inagwira ntchito mpaka zaka za m'ma 1840. Inkagwiritsidwanso ntchito pa chikole ndi pa pangano la ukwati, ndiye werengani mpaka kumapeto. Mukaona mawu akuti malo adzabwerera akabweza ndalama ndi chiwongoladzanja, ndi ngongole. Mukaona kuti ukwati ukuyembekezeka posachedwa pakati pa awiri otchulidwa, ndi pangano la ukwati, ndipo limenelo musalithamangire: limatchula bambo wa mkwatibwi, chuma chimene akubwera nacho, ndalama imene adzalandire pachaka akadzakhala wamasiye, ndi matrasti awiri amene kawirikawiri amakhala mmodzi wa kuchimuna, wina wa kuchikazi.

Powerenga memorial iliyonse lembani zinthu izi pa pepala limodzi: tsiku la chikalata, tsiku lolembetsa, aliyense ndi kwawo ndi ntchito yake, malo ndi maekala, nthawi ya lizi, lendi, zikalata zakale zimene yatchula, ndi mboni. Masiku awiriwo amatha kusiyana zaka makumi awiri, chifukwa anthu ankalembetsa mkangano ukayandikira. Choncho m'ndandanda musaimire pa chaka chimene mukuganiza, pitirirani patsogolo.

Gogo_Mapu:
Ndipo masamu a maekala asakupusitseni. Malizi, mabuku a esiteti ndi ma Tithe ambiri amawerenga ndi ekala ya Chiairishi, Griffith amawerenga ndi ekala ya boma. Ya Chiairishi ndi masikweya yadi 7,840, ya boma 4,840, ndiye imodzi ya Chiairishi ndi 1.62 za boma. Munda wa maekala 10 mu lizi ya 1810 udzaoneka ngati maekala 16 ndi kachidutswa mu Griffith. Sanakuze munda, ndi womwewo. Mbali zina za Ulster, chigawo cha kumpoto kwa Ireland, kunali ekala yachitatu, ya Cunningham, ya pafupifupi 1.29. Manambala atatu amene mumaona, A R P, ndi ekala, rood ndi perch: ma rood 4 ndi ekala, ma perch 40 ndi rood.

Ndalama nazo: mpaka 1826 paundi ya Ireland inali yotsikirapo, mapaundi 13 a Ireland ankafanana ndi 12 a Britain. Lendi ikaoneka kuti yatsika pang'ono m'buku la 1826 kapena 1827, nthawi zambiri angosintha ndalama. Ndipo kumbuyo kwa 1752 chaka chinkayamba pa 25 March, ndiye chikalata cha 10 February 1740 m'kawerengedwe ka lero ndi cha 1741.

Kamtedza_wa_Leeds:
Buku la lendi nalo lili ndi misampha yake. Lendi inkalipidwa kawiri pachaka, 1 May ndi 1 November, kapena 25 March ndi 29 September. Maesiteti ambiri ankalola tenanti kutsalira miyezi isanu ndi umodzi, ndiye ngongole ya theka la chaka pa dzina lake si chizindikiro cha mavuto. Vuto limaoneka ngongole ikamakula buku ndi buku, monga zimachitikira kuyambira 1846.

Dzina la m'bukulo si nthawi zonse la amene akulima. Alembi ankasiya dzina la mwini lizi ngakhale atamwalira kalekale, nthawi zina n'kuwonjezera "Reps of" kutsogolo, kusonyeza kuti akulipira ndi olowa m'malo. Mukaona "& partners" kapena "& Co." pa munda wa kumudzi, si kampani, ndi mabanja angapo ogawana lizi imodzi, mmodzi n'kumaimira onse. Danga lomaliza, la ndemanga, ndi limene muyenera kuliwerenga mosadumpha. Musawerenge buku limodzi, tengani angapo otalikirana zaka zisanu zisanu, mukaona dzina lasintha mubwerere chaka ndi chaka mpaka mupeze pamene linasinthira.

Mphanje_Watsopano:
Nanga amene kholo lake silinali pa Coolattin, mapepala a mwini malo wake angawapeze bwanji?

Gogo_Mapu:
Poyambira ndi database ya Landed Estates ya University of Galway. Ikukhudza zigawo za Connacht (kumadzulo) ndi Munster (kumwera), ndi ma county a Cavan, Donegal ndi Monaghan, ndipo pa banja lililonse imatchula kumene mapepala ali. Kenako database ya Sources ya National Library, ndi makatalogu a PRONI ndi National Archives. Musadalire kuti mapepala ali pafupi ndi malowo. A Kenmare, esiteti ya ku Kerry, ali ku Belfast. A Lord Palmerston okhudza Sligo ali ku University of Southampton. A Duke of Devonshire a ku Lismore agawikana pakati pa National Library ndi Chatsworth. Mbali yaikulu ya County Londonderry inali ya makampani a ku London monga Drapers ndi Fishmongers, ndipo Trinity College Dublin inali ndi malo ambiri ku Kerry ndi Donegal.

Mwini malo akakhala kuti anagwa ndi ngongole njala itatha, yang'anani ku Encumbered Estates Court, khoti lokhazikitsidwa mu 1849, limene mu 1858 linasanduka Landed Estates Court. Pogulitsa esiteti ankasindikiza kabuku ka ogula, kokhala ndi mapu, dzina la tenanti aliyense, maekala, lendi, ndi mtundu wa lizi yake, miyoyo ija ndi zaka zawo zomwe. Timabukuti ndi ta 1850 mpaka 1885, tili ku National Archives ndiponso pa Findmypast. Nthawi zambiri timabwereza mawu a lizi ya zaka makumi asanu kumbuyo imene pepala lake linatayika.

Nachisale_ku_Bray:
Agogo, pa townland yathu Griffith akusonyeza amuna atatu a dzina limodzi, loyamba ndi la banja lomwe. Ndisiyanitsa bwanji?

Gogo_Mapu:
Onani ngati pambali pa dzina pali mawu ena m'mabulaketi. Oyeza malo ankawonjezera dzina la bambo, ntchito, kapena "senior" ndi "junior" pofuna kusiyanitsa. Onaninso zilembo zing'onozing'ono pa nambala ya munda, chifukwa munthu mmodzi atha kulembedwa katatu ngati ali ndi minda itatu, nyumba ili pa umodzi wokha. Werengani nyumba, osati maina. Zikakanika, tsatani nambala ya munda uliwonse m'mabuku a inki ya mitundu aja mpaka mufike kwa munthu wa mu 1901 amene mukumudziwa. Munda umene ukuthera kwa iye ndiwo wanu. Pafupi ndi mapeto mudzaona chidindo cha L.A.P. ndi mawu akuti "In fee", kusonyeza kuti tenanti anagula mundawo pansi pa malamulo ogulitsa malo kwa alimi, makamaka la 1903.

Tsamba_ndi_Inki:
Ndipo maina musawafune ndi kalembedwe kamodzi. O ndi Mac ankachotsedwa ndi kubwezeredwa mwachisawawa. Townland nayo imalembedwa mosiyanasiyana kumbuyo kwa mapu a Ordnance Survey a zaka za m'ma 1830, ndipo timadera tina totchulidwa m'malizi tinamezedwa ndi townland yaikulu. Tsamba la logainm.ie limasonyeza kalembedwe kakale. Izi n'zofunika kwambiri pa m'ndandanda wa malo, chifukwa dzina loyamba ndi K lero litha kukhala pansi pa C.

Chitsa_cha_Mbawa:
Osaiwala buku la parishi. A Chikatolika ali ulere patsamba la National Library mpaka cha m'ma 1880. Parishi ya Chikatolika ndi parishi ya boma malire ake amasiyana, ndipo mbali imeneyo Wicklow imakumana ndi Wexford ndi Carlow, ndiye yang'anani mbali zonse za malire. Oimira ana pa ubatizo afananizeni ndi anansi a m'buku la lendi.

Nachisale_ku_Bray:
Zikomo nonse. Ku National Library ndikalowa bwanji?

Mlozera1708:
Pamafunika tikiti ya owerenga, yaulere, mumaitenga ndi chiphaso chokhala ndi chithunzi. Zolembedwa pamanja mumaziitanitsa pasadakhale ndi nambala yake ya MS, ndiye tengani manambalawo m'katalogu musananyamuke. M'chipinda chowerengera amalola pensulo, osati bolopeni. Itanitsani mabuku a osamuka a 1847 ndi 1848 poyamba, kenako buku la lendi la 1845 ndi la 1850 kuti muone amene analipo njala isanafike ndi amene anatsala. Dzina likasowa m'mabuku a lendi onse awiri koma lili m'buku la osamuka, ndiye kuti ankalipira kwa middleman. Lembani dzina la amene ali ndi townland imeneyo m'buku la lendi, ndipo ndi dzina limenelo limene mukalifune m'ndandanda wa opereka pa FamilySearch.